Cha Mulungu n'chopanda mwini kodi?

"Nsomba sizingathe, n'za Mulungu." Mawu amenewa amamveka kawirikawiri pamsika wa Mpamba, ndipo owanena ndi anthu opemphera, ena timakhala nawo benchi imodzi Lamulungu. Ukadandaula kuti nsomba zikubwera zili tiana, zokokedwa ndi masikito amene chipatala chimapereka kwa amayi oyembekezera, yankho ndi lomwelo. Ukaloza kumapiri a Kandoli kumene mitengo ikuthera m'mauvuni a makala, amati Mulungu adzameretsa ina.

Ukamva koyamba umayesa ndi chikhulupiriro. Ine ndimakayika, ndipo chondikayikitsa chili pafupi pomwepa, pamsewu wopita ku Chintheche, ku esiteti ya labala ya Vizara. Wocheka mtengo wa labala amachotsa kakhungwa kopyapyala, utomoni n'kumatsikira m'kakapu, mtengo osafa. Akazamitsa mpeni, kapitawo amuona. Kumeneko palibe amene amati labala sangathe, chifukwa mtengo uliwonse uli ndi mwini wake amene amawerenga.

Pamanda naponso n'chimodzimodzi. Mudzi ukhoza kusowa nkhuni mpaka kuphikira mapesi, koma mitengo ya pamanda imakula mpaka kugwa yokha, nkhwangwa osaiona. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a banja la Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amachokadi, poopa mfumu ndi mizimu. Pamene boma likatseka nyanja mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, ena amangodikira kuti kude.

Ndiye taonani: cha kampani timachiopa, cha mizimu timachiopa, koma tikangoti ichi n'cha Mulungu, basi chasanduka chotola.

Chinalakwika n'chiyani? Ndikuganiza kuti kuyambira pamene Robert Laws anakhazikitsa mishoni ku Bandawe mu 1881, ife a dera lino tinagwiritsa mbali imodzi ya uthenga, yoti Mulungu ndi wopatsa ndiponso wokhululuka. Mbali yoti ndi mwini, amene amabwereketsa ndi malamulo ake, tinaisiya m'buku. Chonsecho ilimo. Mu Genesis munthu anaikidwa m'munda kuti aulime komanso ausamale. Mu Levitiko 25 nthaka inkayenera kupuma chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse. Lamulo limene limandigwira mtima ndi la mu Deuteronomo 22: wopeza chisa amaloledwa kutenga ana kapena mazira, koma make wa mbalame amusiye apite. Amene anapereka lamulo lotere ankadziwa kuti mbalame zingathe. Nanga amene amathira katupe mumtsinje nthawi imene nsomba zikukwera kukaikira mazira, n'kunena kuti akudalira Mulungu, akudalira Mulungu uti?

Komabe nkhaniyi siikhala yophweka ukafika pakhomo pa munthu. Pali mayi wamasiye amene chinangwa chake chagwidwa ndi matenda, mpunga wake ku dambo la Limphasa wakokoloka ndi madzi, ndipo mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Akagwetsa mtengo n'kuotcha makala, ine amene ndadya kondowole ndi usipa masana ndingamuwerengere vesi? Kwa iye mawu oti "n'za Mulungu" ali ndi tanthauzo loona: nkhalango ndi nyanja ndizo nkhokwe zokha zimene wosauka amatsegula popanda kugwadira munthu. N'chifukwa chake kuzitha n'kubera iye yemweyo, ndi ana ake.

Funso la umwinili likuyenera kuyambira kwa ife okhuta. Matumba a makala amene amaima m'mbali mwa msewu amakwera magalimoto kupita ku Mzuzu, ndipo ogula ambiri ndi anthu a malipiro a pamwezi, ena akulu a mpingo ngati ine. Timanenerera mtengo mpaka mayi uja atsitse, ndiye kuti apeze fizi yomweyo ayenera kugwetsa mitengo iwiri m'malo mwa umodzi.