Nsomba ya Mano Akuthwa Imene Ikuchita Mantha

Mwana wina wa ku madrasa kwathu anatisonyeza kanema wa pafoni amene malume ake a ku Leicester, m'dziko la Britain, anatumiza. M'kanemamo munali thanki yagalasi yodzaza madzi, ndipo kuseri kwa chikuni chomwe chinali pansi pake kunabisala nsomba yotchedwa piranha. Mwini wake ankadandaula kuti wataya ndalama pachabe. Anagula nsomba yotchuka ndi ukali, koma sabata yatha ikukana kudya, ndipo munthu akangoyandikira imathawa mpaka kudziomba pagalasi. Anzake anamulangiza kuti achotse chikunicho, ayatse getsi lowala kwambiri ndi kuimana chakudya kuti ukali wake uoneke. Mwanayo anatifunsa ngati kutero ndi tchimo, popeza imeneyi ndi nsomba chabe. Funso lakeli likutikhudza tonse amene timaweta nkhunda, nkhuku ndi mbuzi, chifukwa likufunsa za ufulu umene cholengedwa chotsekeredwa chili nawo pa amene wachitsekera.

Tiyambe ndi kuidziwa nsombayi. Kwawo kwa piranha ndi mitsinje ya ku South America, monga Amazon ndi Paraná. Mtundu umene anthu amaukonda kuweta ndi wa mimba yofiira, ndipo umakula kufika masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono. Mano ake ndi akuthwadi, koma mbiri yakuti ndi chilombo chosaopa kanthu inafala kwambiri chifukwa cha buku limene Theodore Roosevelt, mtsogoleri wakale wa dziko la America, anatulutsa m'chaka cha 1914 atayendera dziko la Brazil. M'chaka cha 2005 akatswiri awiri, Helder Queiroz ndi Anne Magurran, anasonyeza kuti nsombazi zimayenda m'chigulu pofuna kudziteteza ku mbalame zodya nsomba, ng'ona za kumeneko ndi adani ena, ndiponso kuti zikakhala zochepa zimapuma mofulumira chifukwa cha nkhawa. Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Senga Bay sangadabwe nazo, pakuti amadziwa chimene chimasonkhanitsa usipa ndi utaka.

Choncho mwini thanki uja analakwitsa asanaigule n'komwe. Anakhulupirira mbiri, ndipo nsomba itakana kufanana ndi mbiriyo anafuna kuikakamiza. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Hujurat ndime 6 ndi 12, imatilangiza kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu ndi kupewa kuganizirana zoipa. Ndimezi zikunena za anthu, koma mtima wozolowera kuweruza ndi mphekesera susankha woweruzidwa.

Kodi kusunga nyama pofuna kusangalala nayo n'kololedwa? Maulama ambiri amati n'kololedwa, ndipo umboni wawo ndi nkhani ya Abu Umayr, mng'ono wake wa Anas bin Malik (Allah asangalale nawo), amene anali ndi kambalame kosewera nako. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) sanamuletse, ndipo kambalameko katafa anamutonthoza mwachikondi. Koma m'mabuku omwewo a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya mayi amene analangidwa ku Moto chifukwa cha mphaka amene anamutsekera mpaka kufa, osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzifunire yekha. Hadith ziwirizi tikaziika pamodzi zikutiphunzitsa kuti chilolezo chimabwera ndi ngongole. Nsomba ili mumtsinje imadzipezera yokha mthunzi, chakudya, anzake ndi madzi abwino. Tikaiika m'galasi tailanda njira zonsezi, ndipo chilichonse chimene tailanda chasanduka udindo wathu. Imeneyi ndiyo amanah, chinthu chosungitsidwa chimene tidzafunsidwe pa Tsiku la Qiyamah.

Ngongoleyo imalipidwa ndi zinthu zooneka zazing'ono. Nsomba yatsopano imafuna pobisala, monga zikuni ndi zomera zam'madzi, ndipo ikadziwa kuti pothawira palipo m'pamene imalimba mtima n'kutulukira poyera. Imafuna kuwala kochepa, thanki yaikulu yoikidwa pamalo posadutsadutsa anthu, ndi madzi ofunda bwino, pakati pa madigiri 24 ndi 28. Kukana kudya m'masiku oyamba si chachilendo. Mwini wake aikemo chakudya pang'ono pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, achoke pafupi, ndipo chotsala achichotse chisanaole, chifukwa chakudya choola chimaipitsa madzi ndi kupha nsomba. Ana aletsedwe kugogoda galasi. Pa zonsezi chovuta kwambiri ndi kudikira, pakuti nsomba sidziwa kuti mwini wake analipira ndalama zingati, ndipo mantha satha chifukwa cholamulidwa.

Wina anganene kuti: inu anthu a m'mbali mwa nyanja mumapha usipa wosawerengeka usiku uliwonse, ndiye mukuliriranji nsomba imodzi ya m'galasi? Funsoli ndi lomveka ndipo sitiyenera kulithawa. Allah anatiloleza kusodza ndi kudya za m'nyanja, monga zilili mu Surah Al-Ma'idah ndime 96, ndipo msodzi amene akudyetsa banja lake alibe mlandu. Chimene Shariah imaletsa ndi kuzunza kopanda chifukwa. Ngakhale pozinga mbuzi tinalamulidwa kunola mpeni kuti nyama isavutike, ndipo Mtumiki analetsa kusandutsa chamoyo chinthu choyeserapo kulasa. Kuimana nsomba chakudya kuti alendo aone mmene ikukhadzulira inzake yamoyo sikuthetsa njala ya munthu aliyense. Kumangodyetsa chilakolako choonerera kuvutika, ndipo mwana amene waimirira pafupi akuphunzirapo kanthu. Surah Al-An'am ndime 38 imatidziwitsa kuti nyama nazonso ndi mitundu monga ife. Zili ndi Mbuye wake amene sanazilenge kuti zikhale masewera athu.

Pali mbali ina imene ife a kuno tiyenera kuimvetsa kuposa ena. Munthu akatopa ndi nsomba yachilendo angaganize kuti chifundo ndi kukaitaya m'nyanja kapena mumtsinje. Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu. M'zaka za m'ma 1950 nsomba yotchedwa Nile perch inalowetsedwa mu Nyanja ya Victoria, ndipo patapita zaka mitundu yambirimbiri ya nsomba za komweko inatha. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO linaika paki ya ku Cape Maclear m'gulu la malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 1984. Chambo ndi mbuna nazo ndi amanah, pamodzi ndi ana a asodzi amene sanabadwe. Chifundo chochitira cholengedwa chimodzi chisasanduke chipsinjo kwa zikwizikwi. Wolephera kusamala nsomba yake aibweze kumene anaigula kapena aipereke kwa wodziwa kuisunga, ndipo woona kuti sangakwanitse udindowu achita bwino kusaigula. Tikumbukirenso kuti mbuna zathu zimatumizidwa kunja kukakhala m'magalasi a eni ake. Mmene tingafunire kuti azisamale, ifenso tisamale za kwawo.

Tikabwerera m'makomo mwathu tipeza kuti nkhaniyi siili kutali. Mwana wamasiye amene wabwera kudzakhala nafe, mkazi wongokwatiwa kumene pamudzi wachilendo, m'bale amene wangolowa Chisilamu ndipo amakhala kumbuyo mumzikiti, onsewa amayamba ndi kubisala. Ena mwa iwo amafika ndi mbiri yoipa imene inawatsogolera. Nthawi zambiri timawafulumizitsa, timawayesa, ndipo akakhala chete timati ndi onyada, akadziteteza timati taona ukali umene tinamva uja. Chikhalirecho akufuna zomwe nsomba ija ikufuna: malo opumira, chakudya choperekedwa mosanyoza, ndi nthawi.

Mwana uja tinamuuza kuti akawauze malume ake asachotse chikunicho, azimitse getsi, ndipo adikire. Ngati nsombayo idzatuluke, adzakhala ataona chimene mtima wodekha umabala. Ngati idzakhalebe yamanyazi moyo wake wonse, ufulu wake wodyetsedwa ndi kusamalidwa sudzachepa, pakuti sanaisungitsidwe kuti iwasangalatse kokha. Allah ndi Amene akudziwa koposa.