Dzina lili pa Zoom, mwini wake ali kuti?



Chitsekereni sukulu chifukwa cha Covid-19 mu 2020, makalasi a pa Zoom ndi Google Meet sadachokenso. Ubwino wake ulipo, sindikukana. Koma abweretsa chizolowezi china: munthu kulowa m'kalasi, kuzimitsa kamera ndi maiki, dzina n'kumaoneka kuti alipo, iye ali pa WhatsApp kapena wagona. Aphunzitsi akamuitana, zii. Pambuyo pake: "Pepani, netiweki."

Wozimitsa kamera posunga bandulo ndimamumvetsa, intaneti ndi yodula. Ndikunena uja waphunzira luso looneka ngati alipo.

Ku madrasa zoterezi sizitheka. Umakhala pamaso pa ustadh, ukalakwitsa katchulidwe ka chilembo chimodzi cha Qur'an amakubweza pompo, anzako akumva. Ine ndimaona kuti manyazi amenewo ndi maphunziro ndithu. Kuntchito nako bwana adzakudzudzula anthu akuona, kasitomala adzakufunsa funso lomwe sungalithawe podina batani.

Fizi yomwe makolo akuvutikira ndi amanah, ndipo Allah amaona ngakhale kamera ili yozima. Nanga zaka 4 zozolowera kulembedwa kuti ulipo pomwe kulibe, zidzangotha zokha tsiku lolembedwa ntchito? Malipiro a maola omwe sudagwire adzakhala halali? Taganizani za namwino amene adazolowera zotere ku yunivesite. Ali pa ntchito ya usiku, akuluakulu onse aweruka, ndipo pa bedi lakumapeto pali wodwala wofunika mankhwala 2 koloko.