Khadi likagadabuka, onse alione

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Amene adakonza malamulo a masewera a makhadi otchedwa poker adafika pa nzeru yomweyi, ndipo adaionjezera mbali imene ndikufuna muimve, adzukulu anga. Sindikukuitanirani ku njuga ayi. Ndikufuna muone mmene anthu osadziwana, okhala pa tebulo limodzi ndalama zili pakati, amachitira tsoka likagwa.

Mu mtundu wa poker wotchedwa Texas Hold'em makhadi amakhala 52. Aliyense amalandira awiri ovundikira, ndipo ena asanu amayalidwa pakati kuti onse awagwiritse ntchito. Mphamvu ya munthu yagona pa awiri obisikawo. Tsono wogawa akuponya makhadi mozungulira tebulo, limodzi lagunda chala cha wolandira, gadabu! Ndi ace, khadi loposa onse. Atatu aliona, enawo maso anali kwina. Mwini wake wafulumira kuliphimba ndi chikhatho, koma amene aliona aliona basi.

Apa lamulo silinyengerera. Wogawa amapitiriza kugawa mpaka aliyense akwane, kenaka amatenga khadi lapamwamba n'kupatsa watsoka uja. Logadabukalo amalionetsa kwa onse, ngakhale aja anayang'ana kumbali, n'kuliika pambali m'malo mwa khadi limene amataya asanayale atatu oyamba apakati. Mwini wake sangachonderere kuti alisunge poti linali labwino, monganso sakadakakamizidwa kulisunga likadakhala lachabechabe. Ngati logadabuka ndi loyamba kapena lachiwiri kuchoka m'manja mwa wogawa, kapena ngati agadabuka awiri, onse amabweza makhadi, asakanizidwe, kugawa kuyambirenso.

Bob Ciaffone adasonkhanitsa malamulo otere m'buku lake la Robert's Rules of Poker, ndipo bungwe la Tournament Directors Association, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2001, limayesetsa kuti mipikisano izitsata njira imodzi. Mpikisano wa World Series of Poker wakhala ukuchitika ku Las Vegas kuyambira mu 1970, ndipo pamalo otere pamakumana anthu a zilankhulo zosiyana. Chimene chimawasunga pa tebulo limodzi n'choti aliyense amadziwiratu chochitika khadi likagwa chagada, lisanagwe n'komwe.

Chimene ndimachikonda pa lamuloli ndi ichi: poti diso silingabweze chimene laona, njira yotsala ndi kugawana chooneka chija. Atatu akadziwa kuti ace imodzi yachoka pomwe ena sakudziwa, atatuwo akusewera masewera ena. N'chifukwa chake palinso lamulo loti ukaonetsa mmodzi makhadi ako, onse ali ndi ufulu wowaona. Chimakomera mbuzi kugunda galu, koma tsiku limene galu aluma mbuzi pamabuka mlandu. Amene lero wasangalala kuti waona yekha, mawa adzafuula mnzake akadzaona yekha.

Koma lamulo limasiyanitsa tsoka lokugwera ndi tsoka lodziitanira. Wogawa akalakwa, wosewera salangidwa. Iwe mwini ukagwetsa khadi lako, kapena ukalinyamula m'mwamba mpaka oyandikana nawe aliona, palibe wokusinthira. Usewera nalo lomwelo, anzako akulidziwa, ndipo m'mipikisano woyang'anira angathe kukupatsa chilango gawolo likatha. Choipa chitsata mwini. Ichi n'chifukwa chake ozolowera amasuzumira makhadi awo atawatchinga ndi manja onse awiri, n'kupinda kangodya kokha, kenaka n'kuwatsindika ndi kanthu kolemera pang'ono.

Nthawi nayo ili ndi malire. Waona cholakwika pogawa, nena pomwepo. Anthu akayamba kubetcha mokwanira, mpata wopempha kugawanso watsekeka. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lamuloli limatchinganso wochenjera amene amakhala duu kuti ayambe waona ngati makhadi amukomera, n'kudzakumbukira cholakwa zinthu zitamuipira.

Pali malo amodzi pomwe buku la malamulo silifika bwino, ndipo m'pamene khalidwe la munthu limaonekera. Mnzako wakhala pambali pako, mwina ndi mlendo pa masewerawa, manja akunjenjemera, ndipo nthawi iliyonse akamasuzumira makhadi ake iwenso ukuwaona. Wogawa sadaone, ena sadaone. Ukhoza kumudyera madzulo onse popanda wokugwira. Mwambo wa osewera aulemu ndi woti umuuze mwakachetechete kuti, "Achimwene, tchingani makhadi anu, akuoneka." Ndipo ngati khadi lang'anima pamene wogawa akuliponya, unene msanga kuti waliona, ngakhale kunenako kukulande mwayi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimodzimodzinso amene wataya makhadi ake masewera akupitirira. Asatchule zimene anali nazo, asamenye tebulo kapena kuusa moyo khadi limene akadapambana nalo likatuluka pakati, chifukwa nkhope ndi pakamwa zimagadabuza khadi ngati mmene chala chimachitira, ndipo wovulala ndi mnzake amene ndalama zake zikadali pa tebulo.

Adzukulu anga, ambiri a inu simudzakhala pa tebulo la poker, koma tsiku lina chinsinsi cha mnzanu chidzagwa chagada pamaso panu: kalata yosiyidwa yotsegula, uthenga wa pa foni wosochera kwa inu, mtengo umene wopikisana nanu pa malonda sadafune kuti muudziwe. Kuona mwangozi si mlandu. Mlandu umayamba pamene mwasankha kukhala chete n'kudyerapo. Muuzeni mwini wake kuti mwaona, kuti adziwe pamene waima, ndipo mukapambana mupambane ndi makhadi anu.