Chimwemwe cha Odikira

Kodi munthu angathe kukondwa asanalandire chimene akuchidikira? Ambiri amati iai, pakuti chimwemwe chimadza pamodzi ndi mphatso. Koma Nyanja ya Chilwa iphunzitsa zina. M'zaka za 1968, 1995 ndi 2018 nyanjayi inaphwa. Mabwato a asodzi a ku Phalombe anagona pa matope ong'aluka, ndipo njala inalowa m'nyumba zambiri. Komabe matemba sanathe: anatsala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjamo, ndipo madzi atabwerera anaswananso. Moyo unalipo ndithu, ngakhale maso sanauone.

Chaulere cha Mulungu chili chomwecho. Mkhristu sakondwera ndi njala, pakuti njala njoipa. Akondwa chifukwa Iye amene akumdikirayo ali naye kale, mu Ukaristia ndiponso mwa mnansi womgawira ufa. Simeoni woyera anadikira Mpulumutsi ndi mtima wotere, kufikira anamfungata m'Nyumba ya Mulungu.

Tsono kudikira kwa Mkhristu sikupinda manja ai. Msodzi wokhulupirira asoka ukonde wake nyanja ikali youma, ndipo m'kusokamo muli kale chimwemwe, pakuti wotaya mtima sasoka ukonde.