Mantha a Wophunzira Njinga Yamoto

Injini ikazima kachitatu, mphunzitsi n'kutikalipira pamaso pa anzathu kuti njinga yamoto sitidzaitha, timabwerera kunyumba titagwa mphwayi. Kodi mawu akewo ndi chiweruzo cha moyo wathu wonse? Ayi, iye waona tsiku limodzi lokha. Injini imazima chifukwa dzanja lamanzere lasiya kilachi mofulumira, osati chifukwa ndife opanda nzeru.

Komabe mantha tisawathamangitse onse. Otsalawo ndiwo amatikumbutsa kuvala chipewa choteteza mutu ndi kulemekeza moyo wa woyenda pansi. Tibwerere pabwalo lopanda magalimoto, tiyambenso ndi giya yoyamba, maso tiponye kumene tikupita, pakuti njinga imatsata maso. Kudzidalira koona kumamera pang'onopang'ono: kuona maso a nkhono n'kudekha.