Zakariya Anapempha Cholembapo

Mawu: Luka 1:57-66

Amayi anzanga mwa Ambuye, mwana wa Elizabeti atakwanitsa masiku 8, achibale anafuna kumutcha dzina la bambo ake. Nthawiyo wansembe Zakariya sankatha kuyankhula. Anapempha cholembapo, nalemba dzina loti Yohane, ndipo zimene analembazo zinathetsa mkangano.

M'maparishi mwathu mulinso ana osatha kuyankhula, ena chifukwa ubongo unavulala pobadwa kapena atadwala malungo aakulu. Si ufiti, si chilango cha Mulungu. Ena a iwo amayankhula poloza zithunzi pa bolodi, ena ndi foni kapena tabuleti yotulutsa mawu akadina chithunzi.

Amayi ambiri amaopa kuti chipangizochi chichititsa mwana ulesi woyankhula. Ine amene ndinagwira ntchito ya unamwino ndikuti musaope: sichitseka pakamwa, ndipo ana ena chimawathandiza kuyamba kutchula mawu.

Nanunso muziloza zithunzizo poyankhula naye, pakuti mwana amaphunzira poonera. Mukamufunsa, dikirani, musamuyankhire. Akalakwa musamulande chipangizocho, chifukwa ndiye pakamwa pake. Sungani zithunzi za papepala kuti magetsi akazima asasowe chonenera. Zisangokhala za nsima ndi madzi ayi. Pakhalenso "sindikufuna", "pakupweteka apa" ndi "wina wandigwira", kuti mwana athe kuulula akachitiridwa nkhanza.

Ife a Umodzi wa Amayi tiyendere mabanjawa, ndipo ku Sande Sukulu tiike chithunzi cha "Ameni" kuti nayenso apemphere nafe.

Ambuye atipatse mtima wodikira ndi womvetsera. Ameni.