Wogwira Ntchito M'boma Amvere Ndani?

Ku Mozambique, Molumbo adapatulidwa ku Milange n'kukhala boma palokha mu 2013, ndipo kumeneko kuli aphunzitsi, anamwino ndi alembi olipidwa ndi msonkho wa anthu onse. Aliyense wa iwo ayenera kudzifunsa ngati malipirowo amamumanga kuti atumikire dziko kapena chipani. Mtsogoleri wosafuna kudzudzulidwa amasiya maofesi ali chilili, n'kuwaphunzitsa ogwira ntchito kuti kukwezedwa kapena kusamutsidwa kwawo kuli m'manja mwa chipani. Mu 1977 chipani cholamula cha Frelimo chidadziika pamwamba pa boma. Malamulo a dziko a 1990 adalola zipani zambiri, komabe madandaulo okhudza nthambi za chipani m'maofesi a boma sanathe. Mu 2018 boma ndi otsutsa adagwirizana zoti abwanamkubwa a zigawo azisankhidwa, koma pambali pa bwanamkubwa aliyense padaikidwa mlembi wa boma wosankhidwa ndi pulezidenti. Chisankho cha m'maboma chomwe chidalonjezedwa kuti chichitika mu 2024 chidaimitsidwa ndi nyumba ya malamulo mu 2023.

Ena adzati Aroma 13 imatilamula kumvera olamulira. Izi n'zoona, koma mutu womwewo umaphunzitsa kuti wolamulira ndi mtumiki wopatsidwa udindo wochitira anthu zabwino, choncho kumvera kuli ndi malire. Sifira ndi Puwa, azamba a m'buku la Eksodo, adagwira ntchito yawo mokhulupirika ndipo adakana lamulo limodzi la Farao, lakupha ana. Ena adzati n'kwapafupi kulankhula, pomwe mphunzitsi wa ku Molumbo ali ndi ana oti adye. Mantha amenewa si oti tiwanyoze, n'chifukwa chake kukana kwa munthu mmodzi sikukwanira. Mutu umodzi susenza denga. Ku Malawi oweruza asanu adathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020, ndipo boma litafuna kutumiza Jaji Wamkulu Andrew Nyirenda ku tchuthi chokakamiza, maloya adaguba ndipo khoti lidaletsa.

Wantchito wamba sali m'khoti, koma ali ndi cholembera. Apemphe kuti lamulo lokayikitsa libwere lolembedwa, asafunse khadi ya chipani kwa wodwala kapena wofuna chiphaso, ndipo pa tsiku la chisankho asayine manambala okhawo amene wawawerenga ndi maso ake. Mipingo ndi mabungwe a ogwira ntchito ali ndi udindo woima naye akavutika chifukwa cha zimenezi, pakuti amene amalalikira chilungamo sayenera kumusiya yekha munthu amene wachichita.